Mapanelo olondola dzuwa pa dimba la ku Lunzu: lipoti la ntchito

Lipotili likunena za chipangizo chotembenuza mapanelo a sola kuti azilondola dzuwa, chimene chinapangidwa pamanja pa dimba lina kufupi ndi Lunzu, kumpoto kwa mzinda wa Blantyre. Ndine mmisiri wa magetsi a dzuwa, ndipo ndinaitanidwa chipangizocho chitayamba kale kuvuta. Ndalemba manambala a zipangizo ndi masamu ake kuti amisiri anzanga amene ali ndi maganizo opanga chawo aone pamene pali mbuna.

Mmene zinthu zinalili

Dimbalo ndi la mayi wina amene amalima tomato, mpiru, repu ndi chayinizi n'kumagulitsa pamsika wa Lunzu. Madzi amachokera pachitsime chokumba pamanja chakuya mamita pafupifupi 8, ndipo amakwera m'thanki ya malita 2,000 imene ili pansanja ya mamita 3. Pampu ndi ya DC yoviika m'madzi, ili ndi kabokosi kake koiyendetsa, ndipo imadya magetsi a mapanelo awiri a 150W olumikizidwa motsatizana. Batire palibe. Dzuwa likawala pampu imazungulira, likapendeka imafooka.

Poyamba mapanelowo anali ogona chagada pansanja yachitsulo. Dandaulo la mayiwo linali lakuti madzi amayamba kugwera m'thanki cha m'ma 9 koloko m'mawa n'kusiya 3 koloko isanakwane, chonsecho dzuwa likuswa mtengo. Izi sizachilendo. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola lililonse. Panelo yogona imalandira mphamvu yonse dzuwa likakhala pamwamba pake penipeni. Likapatuka ndi madigiri 45 imalandira pafupifupi 71 pa 100, likapatuka ndi madigiri 60 imalandira theka. Koma pampu siichita zinthu mwa theka. Iyenera kukankha madzi mamita oposa 10 kuti afike pakamwa pa thanki, ndipo mphamvu ikachepera pamenepo imangozungulira, madzi n'kuima pakati pa paipi. Theka la dzuwa silipereka theka la madzi, limapereka ziro. N'chifukwa chake pa pampu yopanda batire kulondola dzuwa kumapindulitsa kuposa mmene kumapindulitsira pa magetsi a m'nyumba.

Mwana wa mayiwo, mnyamata amene akuphunzira zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, anaganiza zothetsa vutoli pa tchuthi. Anapeza chithunzi cha seketi pa intaneti, anagula mota ya waipa ya galimoto kwa ogulitsa zotsala za magalimoto ku Ndirande, anawotcheretsa felemu komweko, n'kuika batire ya njinga yamoto ya 12V 7Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire imasunga) ndi kapanelo ka 10W koitchaja. Pamene ankayesa patebulo ndi tochi, zonse zinkayenda. Atapita nacho kudimba m'mwezi wa Juni, batire inkapezeka yakufa m'mawa uliwonse, relay (maswichi ogundidwa ndi magetsi, oyatsa ndi kuzimitsa mota) zinapsa, ndipo madzi m'thanki anachepa kuposa kale.

Mayiwo anandilandira ndi mawu awa: "Amisiri, chinthuchi chimangokhalira kugwedeza mutu ngati gulo. Ngati n'chosatheka ndiuzeni, tibwezeretse mmene zinalili."

Zimene ndinapeza

Ndisanatsegule n'komwe bokosi la seketi, ndinaona kuti felemu yapendekera kolakwika. Ekiselo, chitsulo chimene felemu imatembenukirapo, inagona bwino kuchokera kumpoto kupita kummwera, koma mbali imene anakweza inali yakumpoto, kotero mapanelo ankayang'ana kummwera. Chithunzi chimene mnyamatayo anatsatira chinali cha anthu a kumpoto kwa equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati), kumene dzuwa limadutsira kummwera. Blantyre ili pa madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa equator. M'mwezi wa Juni dzuwa la pakati pa tsiku limakhala kumpoto, litapatuka ndi madigiri 39 kuchokera paliwombo. Panelo yogona imapeza 78 pa 100. Yopendekera kumpoto ndi madigiri 15 imapeza 91 pa 100. Yake, yopendekera kummwera ndi madigiri 15, inali kupatukana ndi dzuwa ndi madigiri 54, kutanthauza 59 pa 100. Kuchepa kwa madzi kunachokera apa, seketi isanalakwe kanthu.

Kachiwiri kanali kayendedwe. Mota ya waipa imazungulira pafupifupi ka 45 pa mphindi. Iye anailumikiza ku ekiselo ndi tcheni cha njinga, giya yaying'ono kumota ndi yaikulu ku ekiselo, kuchepetsa liwiro katatu kokha. Ndiye kuti felemu inkatha kutembenuka madigiri 90 pa sekondi imodzi, pofuna kutsatira chinthu choyenda madigiri 15 pa ola. Relay ikangogunda, mapanelo ankapitirira dzuwa, sensa ya kuwala ya mbali inayo n'kuitana, mota n'kubwerera, n'kupitiriranso. Kugwedeza mutu kumene mayi ankanena ndi kumeneku.

M'bokosimo munali seketi ya pa intaneti ija: LDR ziwiri (sensa zimene ma ohm ake amatsika kuwala kukachuluka) zolumikizidwa motsatizana pakati pa 12V ndi negetivi, pakati pawo n'kutengera waya ku LM358 (kachipangizo kamene pano kamayerekeza magetsi), kenako transistor ziwiri ndi relay ziwiri zazing'ono zabuluu za 10A. Panalibe mpata woti seketi ikhale chete. Kuwala kukangosiyana pang'ono, kaya kummawa kaya kumadzulo, relay imodzi inkayenera kugunda basi. Ndinayeza LDR zija padzuwa, iliyonse inatsika kufika pa ma ohm pafupifupi 100. Werengani: 12V pa ma ohm 200 ndi 60mA, ndipo LDR iliyonse inkatentha ndi 0.36W, pamene timaLDR tating'ono ta mamilimita 5 ta mtundu wa GL5528 timapirira 0.1W yokha. Zinali zitawauka kale, imodzi kuposa inzake, moti ngakhale pa kuwala kofanana sizinkawerenga mofanana. Patebulo, ndi tochi, LDR imakhala pa ma ohm masauzande ndipo vutoli silioneka.

Relay zinapsa pa zifukwa ziwiri. Panalibe swichi yoimitsa felemu ikafika kumapeto, choncho madzulo dzuwa likatsika kumadzulo, mota inkakankha chitsulo chosasuntha, ndipo mota ya waipa ikakanika imakoka maampu oposa 10. Chinanso, mota zambiri za waipa zili ndi waya wa negetivi wolumikizidwa ku thupi lake lenileni, popeza m'galimoto thupi lonse ndi negetivi. Ukaitembenuza magetsi kuti ibwerere m'mbuyo, thupi la mota limasanduka pozitivi. Mnyamatayo anali atamanga negetivi ya batire ku felemu, ndiye nthawi iliyonse mota ikamabwerera, batire inkachita shoti kudzera m'mabawuti. Chimene chinapulumutsa dimbalo ku moto ndi penti ndi dzimbiri za pamabawutipo, chifukwa fyuzi panalibe.

Kusankha chochita

Funso loyamba silinali la seketi. Linali lakuti kodi chipangizochi n'chofunikadi? Kawirikawiri munthu akandifunsa za kulondola dzuwa ndimamuuza kuti agule panelo ina, chifukwa panelo ilibe chozungulira, siifuna girizi, ndipo imakhala zaka zoposa 20. Pano sizinatheke. Panelo iliyonse imatulutsa pafupifupi 22V ikakhala yosalumikizidwa, ziwiri 44V, ndipo pa kabokosi ka pampu panalembedwa malire a 50V. Yachitatu motsatizana ikanafikitsa 66V n'kuotcha kabokosiko. Njira inali kugula ziwiri zina, koma kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya mapanelo sinali yoti wogulitsa masamba angoitulutsa m'thumba. Komanso chitsime chokumba pamanja chimadzaza pang'onopang'ono. Kuchipopa mwamphamvu masana kumachiphwetsa, pamene kuchipopa modekha kwa maola ambiri kumagwirizana ndi mmene madzi amalowera.

Njira ina yotchipa ndi kutembenuza mapanelo pamanja katatu patsiku: kummawa m'mawa, pakati masana, kumadzulo dzuwa likapendeka. Imapereka gawo lalikulu la phindu lomwelo popanda waya ngakhale umodzi. Ndinawafotokozera mayiwo, ndipo anandiyankha kuti m'mawa akathirira amapita kumsika, kubwera n'kumadzulo, ndipo mlonda amangofika usiku. Tinagwirizana kuti chipangizo chikonzedwe, koma tiboole mabowo atatu pa felemu oloweka chitsulo, kuti seketi ikadzafa ntchito isaime.

Mnyamatayo ankafuna kuti tiike Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsa zipangizo, ndi wotchi ya DS3231, felemu iziyenda motsatira nthawi m'malo motsatira kuwala. Maganizowo ndi abwino, ndipo pa mapanelo ambiri ndi zimene ndingasankhe, chifukwa wotchi siipusitsidwa ndi mitambo. Koma imafuna njira yodziwira pamene felemu yafika, imafuna kompyuta ikasokonekera, ndipo mphezi ikagunda chapafupi kuyang'ana yatsopano n'kulowa m'tauni. Seketi ya LM393 (kachipangizo koyerekeza magetsi) ndi relay za galimoto, wokonza mawailesi aliyense pa Lunzu angaimvetse. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, tipange choti ukapita kusukulu amayi asasowe wochikonza."

Kumanganso

Tinayamba ndi felemu. Mzere wa kumpoto ndi kummwera tinaupeza ndi mthunzi wa ndodo yoimika chilili, pa nthawi imene mthunzi umafupika kwambiri. Apa amisiri ambiri amadikira 12 koloko, ndipo amalakwitsa. Nthawi yathu ya m'Malawi imawerengedwa pa madigiri 30 kummawa, pamene Blantyre ili pa madigiri 35, choncho dzuwa limafika pakati mphindi 20 msanga. M'mwezi wa Juni ndi cha m'ma 11:40. Kumayambiriro kwa Novembala ndi cha m'ma 11:25. Mu Febuluwale ndi cha m'ma 11:55. Tinazula mizati, n'kukweza mbali yakummwera kuti ekiselo ipendeke madigiri 15 ndipo mapanelo ayang'ane kumpoto. Kupendeka kumeneku sitikusintha chaka chonse. Dzuwa limasuntha madigiri 23.4 kumpoto ndi kummwera pa chaka, ndipo ngakhale pamapeto penipeni chimene chimatayika sichipitirira 9 pa 100. Ekiselo yachiwiri yothamangitsa zimenezo ndi kudzionjezera mavuto.

Tcheni cha njinga tinachotsa. M'malo mwake tinalumikiza mota ku ndodo yachitsulo ya mazinga, ya M12, imene imasuntha nati mamilimita 1.75 ikazungulira kamodzi. Natiyo tinaiwotcherera ku mkono wa masentimita 30 wochokera pa ekiselo. Pa liwiro la mota, nati imayenda pafupifupi mamilimita 1.3 pa sekondi, ndipo kutembenuza mapanelo madigiri awiri ndi theka kumatenga masekondi 10. Ubwino wina wa ndodo ya mazinga ndi wakuti mphepo singaizungulitse chobwerera. Izi si zazing'ono. Mapanelo awiriwa ndi pafupifupi masikweya mita 2, ndipo mphepo yothamanga mamita 20 pa sekondi imawakankha ndi mphamvu yofanana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchotsako pang'ono. Tinaika malire pa madigiri 45 mbali iliyonse, osati 60, kuti mphepo isamawapeze ataima kwambiri. Mota tinaitsegula n'kuchotsa waya uja pa thupi, tinamutulutsa payekha.

Tsopano seketi. Ntchito yaikulu pano inali kuiphunzitsa kukhala chete, ndipo masamu ake ndi amene anamutembenuza mtima mnyamatayo. Panelo ikapatukana ndi dzuwa ndi madigiri 5, imataya zosafika theka la 1 pa 100. Ikapatukana ndi madigiri 10, imataya 1.5 pa 100. Pa mphindi 10 dzuwa limayenda madigiri awiri ndi theka okha. Ndiye seketi yolondola dzuwa sekondi iliyonse siikuonjezera madzi, ikungodya batire ndi relay.

LDR zatsopano ziwiri tinazipatsa 5V kudzera mu 7805, kachipangizo kotsitsa magetsi a batire, kuti ngakhale zitatsika pa ma ohm 100 iliyonse, kutentha kusapitirire 0.07W. Tinaziika pansi pa kapaipi ka PVC, pakati pawo kakhoma kachitsulo kopaka penti yakuda, pamwamba n'kuvundikira ndi galasi lakuda la magalasi a dzuwa, kuti zizigwira ntchito pa ma ohm okwererapo pamene zimamva kusiyana bwino. Waya wapakati pawo umapita ku LM393, imene ili ndi zoyerekezera ziwiri: ina imadzuka magetsi akapitirira 2.7V, ina akatsika pansi pa 2.3V. Pakati pa manambala awiriwa palibe chimene chimachitika. Mpata umenewu tinauikira chopotokola, kuti tiziukulitsa kapena kuuchepetsa tili kudimba. Musaiwale kuti LM393 imafuna resistor yokokera m'mwamba pa waya wake wotulukira. Ambiri amailumikiza ngati LM358 n'kumadabwa kuti siikuyankha.

Pamwamba pa izi tinaika CD4060 yowerenga nthawi, ndi resistor ya 150k ndi capacitor ya 100nF. Imamaliza kuzungulira kwake pa mphindi zoposa 9 pang'ono. Tinalumikiza miyendo yake ya Q12, Q13 ndi Q14 kudzera mu diode zitatu za 1N4148, kotero kuti mota imaloledwa kuyenda pa gawo limodzi mwa magawo 8 a nthawiyo, masekondi pafupifupi 70. Nthawi yotsalayo, kaya mbalame itere pa sensa kaya mtambo udutse, seketi siimva. Tikanatha kugwiritsa ntchito 555, kachipangizo kena kowerenga nthawi, koma pa nthawi yaitali chonchi imafuna capacitor yaikulu imene imadontha magetsi ikatentha, ndipo m'bokosi la padimba mu Okutobala mumatentha zedi.

Relay tinaika za galimoto, za miyendo isanu, za 30A, zimene amaika pa hutala ndi nyali. Zikakhala zonse ziwiri chete, mawaya onse a mota amagwera ku negetivi, ndipo mota imaima nthawi yomweyo osaseseleka. Pa koilo iliyonse pali diode ya 1N4007 yoteteza transistor. Swichi zakumapeto tinazichotsa pa zitseko za microwave yakufa, ndipo tinaziika pa waya wa koilo ya relay, osati pa waya wa mota. Chifukwa chake n'chakuti koilo ya relay ya galimoto imadya pafupifupi 150mA. Swichi ikadula mota yokha, koilo n'kukhala chiyakire usiku wonse, pa maola 11 yadya zoposa 1.6Ah popanda chosuntha. Pa waya wa batire tinaika fyuzi ya 10A, yoteteza tsiku limene relay idzamatirire.

Chiperoni ndi kubwerera kummawa

Tinayesa koyamba kumayambiriro kwa Julayi, ndipo pa tsiku loyera chinayenda mwaulemu: kukhala chete, kulira pang'ono masekondi 10, kukhalanso chete. Kenako chiperoni chinabwera, ndi nkhungu ndi mvula yake yowaza ija yochokera kummwera chakummawa. Kumwamba kukaphimbiratu, kuwala kumachokera mbali zonse, ndipo LDR ziwiri zimangotsatira pamene mtambo wapyapyala. Tinapeza mapanelo atayang'ana kumadzulo 10 koloko m'mawa. Mitambo yoduka-duka ndiyo yoipitsitsa, chifukwa m'mphepete mwa mtambo woyandikira dzuwa mumawala kwambiri moti sensa imakopeka nawo.

Apa ndi pamene panabwera LDR yachitatu, yoyang'ana kumwamba popanda khoma, ndi LM393 yachiwiri. Ntchito yake ndi kuyeza kuchuluka kwa kuwala konse. Kukachepera pa malire oyamba, kutanthauza kuti kuli mitambo, imatseka njira ya relay zonse ziwiri ndipo felemu imakhala pomwe ili. Malirewa tinawakonza ndi maso: tinapotokola mpaka seketi izidzuka pokhapokha ndodo ikuonetsa mthunzi wooneka bwino pansi. Kukachepera pa malire achiwiri, kutanthauza kuti kwada, imaitana relay yakummawa. Popanda zimenezi mapanelo amagona atayang'ana kumadzulo, m'mawa dzuwa limatulukira kumsana kwawo, ndipo sensa ziwiri zija zili mumthunzi sizidziwa kuti kwacha. Ulendo wobwerera ndi masentimita 42 a ndodo ija, mphindi zoposa 5 za mota, ndipo popeza umadutsanso pa CD4060, umachitika pang'onopang'ono mkati mwa ola limodzi.

Titawerenga zonse, mota imayenda mphindi pafupifupi 11 patsiku, pa maampu 3, zimene ndi theka la Ah kuposerapo pang'ono. Seketi yokha imadya zochepa. Kapanelo ka 10W kamabweza zoposa 2Ah pa tsiku loyera. Batire yakale inali itafa chifukwa chophwetsedwa mobwerezabwereza, tinagula ina, ndipo imeneyo sinapezekenso yopanda moto m'mawa.

Kuyeza phindu

Sitinayeze ndi mita ya magetsi, chifukwa chimene mayi amagulitsa si maampu. Tinayeza ndi ndowa ya malita 20 pakamwa pa paipi yolowa m'thanki, ola lililonse, mnyamatayo ali ndi wotchi ya pafoni. Tinasankha masiku oyera otsatizana m'mwezi wa Ogasiti. Tsiku lina tinakhoma felemu pa bowo lapakati, lotsatira tinaisiya iziyenda.

Felemu yokhoma, madzi anayamba kugwa cha m'ma 9 koloko n'kusiya cha m'ma 2:30. Felemu yoyenda, anayamba cha m'ma 7:30 n'kusiya cha m'ma 4 koloko. Pakati pa tsiku ndowa inkadzaza pa nthawi yofanana masiku onse awiri, monga ziyenera kukhalira, chifukwa nthawi imeneyo mapanelo amayang'ana kumodzi. Phindu lonse lili m'mphepete mwa tsiku. Pa 7:40 dzuwa limakhala litapatuka ndi madigiri 60 kuchokera pakati. Felemu yokhoma imaona theka, yoyenda itapendeka madigiri 45 imangopatukana nalo ndi madigiri 15. Komabe maola oonjezerawo madzi ake ndi ochepera a masana, popeza dzuwa la m'mawa limadutsa mumpweya wochuluka, ndipo kuyambira Ogasiti utsi wa lupsa ndi fumbi zimalifooketsanso. Amene angalonjeze kasitomala kuti maola atatu oonjezera ndi maola atatu a madzi a masana, akumunamiza. Pa masiku a chiperoni panalibe kusiyana kulikonse.

Chimene chinasintha ntchito ya mayiwo si malita okha. Thanki inayamba kukhala ndi madzi pa nthawi imene amathirira, m'mawa asanapite kumsika ndi madzulo akabwera.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Chakumapeto kwa Seputembala mnyamatayo anaimba foni. "Ankolo, chayambanso. Chikumangothamangira kumadzulo n'kukakhala komweko." Batire inali bwino, relay zinali bwino. Pa waya wapakati pa LDR mita inawerenga zoposa 4V, dzuwa lili pamwamba penipeni pa sensa. Titatsegula kapaipi kaja tinapeza mavu omanga ndi dothi atalowera pa kabowo kotulutsira chinyezi kamene kanali pansi, n'kumanga chisa pamwamba pa LDR imodzi, dothi lofiira louma gwa, mkati muli timphutsi. Seketi inkachita zimene inauzidwa: mbali imodzi kunali mdima, ndiye inkathawako. Swichi yakumapeto ndiyo inateteza mota. Tinapala dothilo, tinamata kasefa ka neti ya udzudzu pa kabowoko, ndipo tinawapempha mayi kuti akamapukuta fumbi pa mapanelo azipukutanso kagalasi ka sensa. Ndodo ya mazinga nayo inali itadzaza fumbi lomatirira pa girizi, mota n'kumakoka maampu ochulukirapo. Tinaiveka chubu chakale cha njinga.

Vuto la mavuli ndi limene Arduino ya wotchi ikanalipewa, ndipo mnyamatayo sanachedwe kundikumbutsa. Ndi zoona. Sensa ya kuwala imakhulupirira chilichonse chimene chaigwera, ndipo aliyense woisankha adziwe kuti wasankhanso ntchito yoiyang'anira.

Mu Okutobala vuto linasamukira kuchitsime. Madzi m'chitsime anatsika, ndipo kabokosi ka pampu kanayamba kuzimitsa kokha masana poteteza pampu kuti isazungulire pouma. Dzuwa linalipo lokwanira, madzi ndiwo anachepa. Apa mpamene kusagula mapanelo ena awiri kunaoneka kuti kunali kolondola, chifukwa akanangofulumizitsa kuphwa. Pampu inkapuma masana, chitsime n'kudzaza, ndipo maola a madzulo aja amene felemu inaonjezera ndiwo ankakweza madziwo. Mayiwo anaitana okumba kuti azamitse chitsime ndi mamita awiri.

Mvula yoyamba ya Novembala imabwera ndi mphepo yamkuntho ndi mphezi, ndipo nthawi imeneyo dimba silifunanso pampu tsiku lililonse. Tinakhoma felemu pa bowo lapakati ndi bawuti, tinachotsa batire ndi bokosi la seketi n'kukasunga kunyumba. Nyengo imeneyi kukhoma sikutayitsa zambiri: kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa kummwera kwa liwombo la Blantyre, ndipo masiku ambiri kumakhala mitambo. Batire imatchajidwa kamodzi pamwezi kuti isafe.

Bokosilo linabwezeretsedwa mu Epulo, mvula itasiya. LDR yachitatu, imene inalibe galasi lakuda, inali itachita chikasu ndi dzuwa ndipo malire a mitambo anali atasuntha. Mnyamatayo anaisintha yekha, anaivundikira, n'kukonzanso chopotokola ndi mthunzi wa ndodo. Panopa akupanga seketi ina ya wotchi ya DS3231 yoti aiyese pa felemu yomweyo, LDR yachitatu yokha n'kutsala kuti izinena za usiku.